Nsapato Zatsopano za a Chilili

Kwa zaka makumi atatu ndi zinayi, aliyense wolowa mu holo ya khonsolo Lachiwiri ndi Lachisanu m'mamawa ankavula nsapato pakhomo. Silinali lamulo la khonsolo. Linali lamulo la a Chilili, mphunzitsi wa kaimidwe ndi kayendedwe ka thupi, ndipo sanaliike pofuna kusamala simenti. Simentiyo inali itang'aluka kalekale, denga nalo linkadontha pakona ina kuyambira chaka chimene holoyo inamangidwa. Nsapatozo a Chilili ankafuna kuziwerenga.

Dzinali anawapatsa ndi ana a sekondale kumene anayambira ntchito ali mnyamata, chifukwa panalibe mwana amene anawaonapo atatsamira khoma kapena atapisa manja m'thumba. Kaya pamsonkhano, kaya pamaliro, kaya pamzere wa kuchipatala, iwo ankangoima chilili ngati mtengo wa mbendera. Dzinalo linawakakamira mpaka imvi, moti ngakhale akazi awo akapsa mtima ankawaitana lomwelo.

Kachitidwe kawo kanali kotere. Anthu akalowa n'kuima m'mizere, iwo ankatsala panja mphindi zisanu. Ankatola nsapato imodzi imodzi, kuitembenuza, kuyang'ana mbali imene chidendene chadyeka, kupisa dzanja mkati kuti amve pamene chala chachikulu chakumba kadzenje, kenako n'kuibwezera pafupi ndi inzake. Akatero ankalowa, manja kumbuyo, n'kuyamba kuweruza milandu popanda kutchula munthu.

"Mwini wake wa nsapato zakuda zosokedwa ndi ulusi woyera, mwayambiranso kupalasa makina ndi mwendo umodzi. Winawo mukusungira ukwati wa ndani?"

Telala wina kumbuyoko ankazyolika, anzake n'kufa nalo phwete.

Amene ankabwera kuholoko sanali anthu ofuna kutchuka ndi minofu. Anali atelala amene misana yawo inapindikira pamakina, makalaliki a m'maofesi amene ankafika makosi atauma, madalaivala a malole, anamwino amene anathyoka chiuno ndi kunyamula odwala, ndi azimayi awiri ogulitsa nsalu amene ankabwera makamaka kudzacheza koma n'kupindulanso. A Chilili sankawathamangitsa kapena kuwadumphitsa. Ankawaphunzitsa zinthu zimene munthu aliyense amaganiza kuti amazidziwa: kuima, kukhala, kutola fungulo yagwa pansi, kutembenuza mutu wina akakuitana kumbuyo. Ankayenda pakati pa mizere mwakachetechete, n'kuika zala ziwiri pakati pa mapewa a munthu, ndipo munthuyo ankangomva akutalika ngati wina wamumasula mfundo.

Pakati pa holoyo pankakhala mpando umodzi wamatabwa, wopanda zogwira m'mbali, umene anachita kubwera nawo kuchokera kunyumba kwawo. Mayeso aakulu anali pampando umenewo: kudzuka pang'onopang'ono, osagwira mawondo, osabanika mpweya, iwo akuwerenga mpaka khumi. Wodzuka pa zisanu ankabwerera. Wogwira bondo ankabwerera. Dalaivala wina anatha miyezi isanu ndi iwiri asanakhoze, ndipo tsiku limene anakhoza anakauza anthu kudepoti ngati wabereka mwana wamwamuna.

Mawu awo a tsiku ndi tsiku anali akuti pakamwa pamanama, nkhope imanama, koma nsapato sinama. Ndipo wobwera ndi nsapato zatsopano ankamubweza pakhomo pomwepo kuti akatenge zakale. Ankati nsapato yatsopano ndi mboni yosaona kanthu, ndipo munthu wobweretsa mboni yotere pamlandu ali ndi chimene akubisa.

Inali nthawi imene ntchito inkadziwika ndi zipatso zake. Panalibe chikwangwani pakhomo, panalibe wailesi, panalibe chithunzi cha munthu womwetulira atapinda miyendo. Telala akachira msana ankauza telala mnzake, basi.

Mwa onse amene anadutsa m'manja mwawo, panali mtsikana mmodzi amene a Chilili ankamutchula akafuna kudzitama. Anabwera ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, akuphunzira kutaipa, mutu utatsogola ngati kamba wosuzumira kunja kwa chigoba. Tsiku loyamba lomwelo anamutcha Kakhosi. Anamusenzetsa buku lalikulu la malamulo a khonsolo, limene panalibe amene ankaliwerenga, n'kumuyendetsa nalo kuchokera pakhomo mpaka pawindo kwa miyezi itatu. Bukulo linagwa kosawerengeka. Mtsikanayo ankalitola molira, koma Lachisanu ankabweranso.

Ataona kuti ali ndi khama, anayamba kutsala naye panja mphindi zisanu zija. Anamuonetsa mmene nsapato ya munthu wonyamula katundu phewa limodzi imadyekera, mmene ya munthu woopa kuponda mwendo wopweteka imakwinyikira chikumba, mmene ya mayi woyembekezera imatambasukira. Anamupatsanso kaundula, buku lofiirira limene ankachongamo amene wakhoza pampando. Tsiku lina Kakhosi anachongera mnzake wa kutaipa amene anagwira bondo pang'ono chabe, kachala kamodzi, pa zisanu ndi zinayi. A Chilili anaona. Sanakalipe. Anang'amba tsamba lonselo pamaso pa anthu, nalipinda kanayi, n'kulipereka m'manja mwake.

"Ukachonga bodza, wanamiza msana wa munthu. Iye akondwera lero, msanawo ukamulanga ali yekha. Usadzachitenso, ngakhale atakhala bambo ako."

Patapita zaka zisanu ndi chimodzi Kakhosi anapeza malo kusukulu yaukachenjede. Kalata yomuchitira umboni analemba ndi a Chilili, pamanja, masamba atatu, usiku wake atanola pensulo kawiri polemba yoyeserera. Anapita. Makadi a moni anabwera zaka ziwiri zoyamba, kenako zii. A Chilili sankadandaula pagulu, koma ankadziwa mwezi ndi chaka chimene khadi yomaliza inafika.

Kalata imene inasokoneza zonse inabwera iwo ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu ndi zitatu. Inachokera ku bungwe lina latsopano loyang'anira aphunzitsi a zolimbitsa thupi, bungwe limene linabadwa a Chilili ataphunzitsa kale zaka makumi atatu. Inkati mphunzitsi aliyense achite maphunziro owonjezera a masiku asanu, ayesedwe, alandire satifiketi yatsopano. Wopanda satifiketiyo khonsolo simupatsanso holo kuyambira mwezi wa mawa. Pansi pake panali siginecha ya munthu amene mwina sanadzukepo pampando osagwira tebulo. Ndi mmene zinthu zikuyendera masiku ano: amene amadziwa ntchito amayesedwa ndi amene amadziwa fomu.

A Chilili anaiwerenga kawiri, naikonza ndi cholembera chofiira pamalo atatu, n'kuiika pansi pa wailesi. Anauza akazi awo kuti mayeso sawaopa, kuti ana amenewo akawaphunzitsa kuima. Akazi awowo anangoti chabwino, n'kupitiriza kusita.

Koma panali chimene ankaopa. Kwa zaka ziwiri fupa la m'chiuno chakumanzere linali likuwaluma. Linayamba ngati kamchenga m'kati mwa mfundo, m'mawa mokha, kenako linakhazikika. Sanauze munthu. Kuholo ankaimabe chilili, koma anali atasiya kuonetsa okha za pampando. Ankaitana dalaivala uja kuti aonetse, n'kumati akufuna kumulimbitsa mtima. Pokwera masitepe ankadikira kuti anthu adutse. Ankaganiza kuti abisa bwino, mpaka m'mawa wa tsiku lotsatira kalatayo, pamene anatola nsapato zawo zofiirira kuti azipukute, dzanja n'kuzitembenuza lokha monga mwa chizolowezi. Ya kumanja inali itadyeka kawiri kuposa inzake, chidendene chitatha mbali ya kunja. Ya kumanzere inali ndi khwinya lopingasa pachikumba, khwinya la munthu woponda mwamantha. Akanakhala kuti nsapatozo anazipeza pakhomo la holo, akanalowa n'kunena kuti mwini wake wa nsapato zofiirira apite kuchipatala lero lomwe.

Anazikulunga m'nyuzipepala n'kupita nazo kwa alamu awo, mlongo wake wa akazi awo, amene ankasoka nsapato pakhonde la sitolo ya zitsulo. Awiriwa anali atanyozana zaka makumi anayi popanda kudana. Mlamuyo anazitembenuza, naziyang'anitsitsa pamwamba pa magalasi, n'kufunsa kuti kodi ndi za wolumala uti amene alamu akumuthandiza.

"Ikani zidendene zatsopano, musandifunse za kuchipatala. Inu ndi dokotala?"

"Zidendene ndiika, alamu. Nanga khwinyali ndilisita ndi chiyani? Chikumba sichiiwala. Si inu nomwe munandiphunzitsa, nthawi ija munkanyoza nsapato zanga pamaso pa mlongo wanga?"

A Chilili anati nsapato za alamu zinali zoyenera kunyozedwa, ndipo mpaka pano n'zoyenera. Mlamuyo anaseka, kenako anasiya kuseka, nawauza kuti mlongo wake anadziwa kale za chiunocho chaka chatha, kuti amawamva akubuula potembenuka pabedi, ndipo amangowasiya chifukwa munthu wotchedwa Chilili sungamuuze kuti wapendekeka. Mawu amenewo a Chilili anawasunga, ndipo sanawakhululukire alamu awo kwa milungu itatu.

Kuchoka pamenepo anawoloka msewu, nalowa m'sitolo, n'kugula nsapato zatsopano. Zakuda, zonyezimira, zolira poyenda. Munthu wina aliyense wofuna kubisa chiuno akanagula mankhwala opaka kapena akanamwa mapiritsi. A Chilili anaganiza za nsapato, chifukwa kwa iwo umboni wonse wa munthu unkakhala pamenepo. Kuti nsapato yatsopano nayo imalankhula, ndiponso kuti iwo eni ndi amene anaiphunzitsa kulankhula, sizinawabwerere m'mutu. Mantha amatseka nzeru ngakhale za munthu wophunzira.

Maphunzirowo ankachitikira m'chipinda chamisonkhano pansanjika yachitatu ya hotela ina. Masitepe anali makumi anayi ndi awiri. A Chilili anawawerenga tsiku loyamba, ndipo masiku onse asanu ankafika theka la ola anzawo asanabwere kuti pasakhale wowaona akukwera. Chipindacho chinali ndi kapeti, makina oziziritsa mpweya, ndi makina oonetsa zithunzi pakhoma. Patebulo panali mabotolo a madzi ndi maswiti m'mbale. Aliyense anamumata kapepala ka dzina pachifuwa ngati katundu wotumizidwa pa basi. Anzawo a m'kalasi anali khumi ndi asanu ndi anayi, onse osafika zaka makumi atatu ndi zisanu, atavala zothina zamitundumitundu, aliyense ndi kamkeka kake ka mphira kokulunga. Ankawatcha agogo. Mmodzi, mnyamata wamapewa aakulu amene ankayenda ndi sipika ya nyimbo m'chikwama, anawafunsa mwaulemu ngati abwera kudzaperekeza mdzukulu.

Itakwana nthawi, chitseko chinatseguka n'kulowa mayi wazaka za m'ma makumi anayi, suti yotuwa, chikwama cha laputopu paphewa. A Chilili sanayambe ndi nkhope. Anaona khosi: lowongoka, lopepuka, mutu utakhala pamwamba pake ngati mtsuko wosenzedwa bwino. Khosi limenelo anali ataliumba okha ndi buku la malamulo a khonsolo. Anali Kakhosi. Ana aja ankamutcha Madamu.

Iye anawaona, naima kaye, kenako anabwera kudzawapatsa moni ndi manja awiri, akupinda bondo pang'ono. Anati Aphunzitsi, sindinadziwe kuti muli pamndandanda. Iwo anati mndandanda ndi wanu, mayi, ife ndife ana a sukulu. Sanamutche Kakhosi. Anamupatsa ulemu wonse umene munthu amapereka akafuna kubaya.

Chinthu choyamba chimene Madamu analamula chinali chakuti onse avule nsapato n'kuzisiya pakhomo. Ana aja anadabwa. Iye anafotokoza kuti nsapato zimanena zambiri za mmene munthu amaimira, ndipo kuti zimenezi anaziphunzira kalekale kwa munthu wina wamkulu. Sanayang'ane kumene a Chilili anakhala. Mwina ankaopa kuwachititsa manyazi pamaso pa ana. Mwina ankaopa kuti anthu anganene kuti woyesa ali ndi wake m'kalasi. A Chilili anangomva mawu awiri: munthu wina. Masamba atatu olemba pamanja, zaka zisanu ndi chimodzi za mphindi zisanu pakhomo, lero akhala munthu wina.

Masiku anayi anadutsa ndi zithunzi pakhoma. Anawaonetsa mafupa a msana opakidwa mitundu, n'kuwapatsa mayina aatali a zinthu zimene a Chilili ankazidziwa ndi zala. Anawauza kuti masiku ano mphunzitsi sagwira munthu asanapemphe, ndipo pali fomu yake. Anawagoneka chagada pa timikeka, maso otseka, kuti amvetsere thupi lawo. A Chilili thupi lawo ankalimva bwino lomwe, linkakuwa. Komabe, kunena zoona, sizonse zinali zachabe. Tsiku lachitatu Madamu anaphunzitsa za kupuma, kuti munthu wodzikakamiza kuwongoka amamanga nthiti, ndipo kuwongoka kwenikweni kumabwera ukasiya kulimbana. A Chilili anazilemba m'kope mwawo, pansi pake n'kulemba kuti izi ndinazinena kale, ngakhale mumtima ankadziwa kuti sanazinenepo chotero.

Tsiku lachisanu linali la mayeso. Aliyense anayenera kuphunzitsa anzake mphindi khumi, kenako kuonetsa yekha, ndi thupi lake, zinthu zitatu zolembedwa pafomu. Chachitatu chinali kudzuka pampando pang'onopang'ono osagwira kanthu. Mayeso awo omwe, a mu holo yodontha, anali atakwera masitepe makumi anayi ndi awiri n'kukhala pafomu ya bungwe.

Onse atalowa, Madamu anatsala panja. Panapita mphindi zisanu. Kenako anasuzumira n'kupempha kuti Aphunzitsi atuluke pang'ono.

Anamupeza ataima pakati pa nsapato, yakuda imodzi ili m'manja mwake, ataitembenuza. Pansi pake panali posalala ngati mbale.

"Aphunzitsi, zofiirira zija zili kuti?"

"Zinatha, mayi. Nsapato zimatha."

"Ndakhala ndikuziyang'ana izi kuyambira Lolemba. Ndimati mwina mawa mubwera ndi zakale." Anaiika pansi bwinobwino pafupi ndi inzake. "Ndi chiuno kapena bondo?"

A Chilili anayang'ana pawindo la kumapeto kwa khonde. Anati fomu yake ilibe funso limenelo.

Iye analankhula motsitsa mawu. Anati pali njira. Bungwe lili ndi satifiketi ina, ya mlangizi: munthu amaphunzitsa ndi pakamwa ndi maso, wina wachinyamata n'kumaonetsa. Holo ingalembedwe m'dzina la wachinyamatayo, iwo n'kumapitabe Lachiwiri ndi Lachisanu monga kale. Angalembe zimenezo pompano, palibe angadziwe, ndipo pampando sakhalapo n'komwe.

"Ndikhale mlendo mu holo yanga, wolembedwa pansi pa mwana woyenda ndi sipika uja?"

"Mukhale mphunzitsi, monga mwakhalira. Chonde, Aphunzitsi. Mukakhala pampando paja ine ndichonga chimene ndione."

"Ndani anakupemphani china?"

Analowa. Mphindi khumi zawo zophunzitsa ana aja sadzaziiwala. Sanagwiritse chithunzi chilichonse. Anawaimika m'mizere, nayenda pakati pawo manja kumbuyo, n'kuuza aliyense za nsapato zake zimene anaziwerenga m'mamawa onse asanu podikira pakhomo. Anauza mtsikana wina kuti anathyokapo kakolo ali mwana ndipo mpaka pano amamuopa. Anauza mnyamata wa sipika kuti mapewa akewo ndi a pachithunzi, koma amaima ndi zidendene ngati munthu wokana ngongole ya mowa, ndipo akafika zaka makumi asanu adzawakumbukira. Anapempha chilolezo monga mwa lamulo latsopano, mokweza ndi mwamwano pang'ono, n'kuika zala ziwiri pakati pa mapewa ake. Mnyamatayo anatalika, natulutsa mpweya, n'kuyang'ana uku ndi uku ngati wabedwa kanthu. 

Choyamba ndi chachiwiri cha pafomu anachita bwino. Ndiye panabweretsedwa mpando. Sunali wamatabwa, unali wa hotela, wofewa, wotsika, wolowa m'kati ukaukhalira. A Chilili anauyang'ana n'kudziwa. Akanatha kupempha wina. Sanapemphe. Anakhala, naika mapazi pansi mofanana, manja m'mbali, n'kuuza Madamu kuti awerenge mpaka khumi monga anaphunzitsidwira.

Pa zitatu anali atachoka pampando. Pa zisanu thukuta linatsika m'khosi, nkhope ili phee. Pa zisanu ndi chimodzi fupa lija linaluma ngati galu wobisala pansi pa bedi, mwendo unanjenjemera, ndipo dzanja lamanzere, dzanja lawo lomwe, linapita lokha pabondo. Linangokhudza n'kuchoka. Anamaliza kudzuka pa khumi, naima chilili.

Ana aja anaomba m'manja. Ambiri sanaone kanthu, ndipo amene anaona anayang'ana kumbali. Madamu anagwira cholembera pamwamba pa fomu nthawi yaitali ndithu. A Chilili ankamuyang'ana m'maso. Chimene ankafuna pa nthawi imeneyo ngakhale iwo eni sankachidziwa: Madamu akanachonga, iwo akanamunyoza moyo wake wonse, akanapanda kuchonga, holo yapita. Cholemberacho chinatsika, chinalemba mzere waufupi m'kabokosi kachitatu, osati chongi.

Anatsika masitepe makumi anayi ndi awiri anthu akuona, atagwira chitsulo cha m'mbali, nsapato zatsopano zikulira.

Mwezi wotsatira khonsolo inapereka holo kwa mnyamata wa sipika. Anapenta khoma, anamata chikwangwani, ndipo anthu amalowa ndi nsapato. Amadumpha, amatuluka thukuta, amajambulana. Mpando wamatabwa uja a Chilili anatuma alamu awo kukautenga, ndipo mlamuyo anaupeza panja, ataikapo ndowa yolandirira madzi a denga. Kaundula wofiirira sanapezeke. Zaka makumi atatu ndi zinayi, ndipo khonsolo sinalembe ngakhale mzere umodzi wothokoza. Kalata yokha imene inabwera inali yoti abweze fungulo.

Atelala atatu ndi dalaivala uja anayamba kubwera kunyumba Lachiwiri, n'kumasiya nsapato pakhonde. A Chilili ankawalandira monyinyirika, n'kumati iwo alibe satifiketi, akamangidwa asawatchule. Kuchipatala anapita, atakokedwa ndi akazi awo. Nsapato zakuda anazibwezera m'bokosi n'kuziponya pamwamba pa kabati. Zofiirira zija anakazitenga kwa alamu, zidendene zatsopano, khwinya lili pomwepo.

Lamlungu lina masana, galimoto inaima pageti. A Chilili anaona pawindo amene akutsika, nauza akazi awo kuti anene kuti agona, n'kulowa kuchipinda. Anamva moni pakhonde, anamva chitseko, anamva makapu. Khoma la nyumbayo ndi lopyapyala. Anamva Kakhosi akufotokoza kuti wapempha bungwe kuti pa maphunziro otsatira pakhale ola limodzi la nsapato, ndipo palibe wina angaliphunzitse. Anamva akunena kuti tsamba lija, long'ambidwa ndi lopinda kanayi, akadali nalo. Anamva akazi awo akuyankha kuti bambowa ndi mwala, mwana wanga, ine ndakhala nawo zaka makumi anayi, ukafuna kuusuntha umangothyoka zala.

Sanatuluke kukamupatsa moni. Koma atakhala pabedi kwa kanthawi, miyendo inawanyamula. Anatulukira khomo la kukhitchini, nazungulira nyumba mwakachetechete, akutsimphina momasuka popeza panalibe wowaona, mpaka pakhonde la kutsogolo. Nsapato zinali pamenepo, zavulidwa pakhomo ngakhale m'nyumbamo simunali lamulo lotero. Zinali zakale, zachikumba chabwino. Anawerama movutikira n'kutola ya kumanja. Anaitembenuza. Anapisa dzanja mkati. Anatola inzake.

Akazi awo anawaona pawindo la pabalaza, nakankha galasi.

"A Chilili, mwadzuka? Lowani mulonjere mlendo."

"Muuzeni mlendo wanuyo kuti kubungwe kwakeko sindipita. Akapeze munthu wina."

"Muuzeni nokha, ali pompano, makutu ali nawo."

A Chilili anaima ndi nsapato m'manja, akuyang'ana katani yoyera imene inkabisa nkhope ya mlendoyo. Anakhosomola.

"Iwe Kakhosi."

"Wawa, Aphunzitsi."

"Chikwama cha makina akocho umanyamulira phewa lamanja lokhalokha. Chaka chino ndi chachitatu. Uzisintha. Ndipo pagalimoto mpando wako uli kutali, ukuponda ndi chala."

 Mawu anabwera kuchokera mkatimo, osamveka bwino, ngati a munthu amene wagwira pakamwa.

"Ndamva, Aphunzitsi."

A Chilili anaika nsapatozo pansi moyandikana, zidendene zofanana, monga ankachitira pakhomo la holo, n'kubwerera njira ya kukhitchini. Ku ola la nsapato lija sanapite, chaka chimenecho ngakhale chotsatira, ndipo aliyense wowafunsa za Madamu amamuuza kuti ndi mwana wosayamika amene anawalanda holo. Akatero amawonjezera kuti komabe pa oyesa onse a bungwe lija, wodziwa kuchonga ndi yekhayo.